Yotamu Anaba Apongozi Ake Pamsika

Kalekale, msewu wa tala usanadutse pa Linthipe, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina dzina lake Yotamu Kamphambe. Ayi, musayankhe kuti "tilitonse", iyi si nthano. Munthu ameneyu ndi agogo anga ine, amene anabereka mayi anga, ndipo nonsenu mwazungulira motowu n'kumakukuta chimanga changa, magazi ake ali mwa inu. Makamaka iwe Lonjezo. Ukuyesa sindinakuone masana aja ukutsanzira kayendedwe ka aphunzitsi ako kuseri kwa khola, anzako akugubuduka ndi phwete? Ndinakuona. Ndipo unawakhoza, sindinama. Sendera kuno, umve za mwini wake wa luso limenelo.

Yotamu sanali mbadwa ya muno. Kwawo kunali kuseri kwa mapiri awo, cha ku Mayani. Kuno anabwera kudzakhala pa chikamwini. Anali munthu wamfupi, woonda, wa makutu otambalala. Kulima? Ankalima, koma mizere yake inkakhota ngati njira ya munthu wochokera kumowa. Kusaka? Anzake ankabwerako ndi nyama, iye ankabwerako ndi nkhani. Luso lake linali limodzi lokha: kuba anthu. Osati kuba mbuzi zawo, ayi. Ankaba kayendedwe, kalankhulidwe, katsokomoledwe, mpaka momwe munthu amakandira m'mutu akamanama. Akangokuyang'ana kanthawi kochepa, basi wakuba, mawa lake udziona wekha ukuyenda pabwalo m'thupi la Yotamu.

Luso limeneli anakalinolera ku nkhondo. Pa nkhondo yachiwiri ija ya azungu anamulemba usilikali wa Keyala, n'kuwoloka naye nyanja yamchere. Koma mfuti ndi Yotamu sizinkamvana. Akati kumanzere, iye kumanja. Akati gonani pansi, iye ali chiimire akuyang'ana momwe wolamulayo akutukulira mphuno. Tsiku lina ali kuseri kwa tenti, atalowetsa chipewa m'malaya kuti ikhale mimba, akutsanzira mkulu wa asilikali, anacheuka n'kupeza mzungu waima kumbuyo kwake, nkhope ili psuu. Yotamu mumtima anati, "Lero ndafa, ndipo sindinafe ndi chipolopolo."

Koma mzunguyo sanakwiye. Anali atagwira pakamwa, misozi ikutsika ndi kuseka. Ameneyo anali Sajeni Hobisoni, munthu amene kwawo ku Mangalande ntchito yake inali yomweyo, yolemba timasewero tatifupitifupi toseketsa n'kumatisewera yekha pamaso pa anthu. Kunkhondoko anamupatsa kagulu kosangalatsa asilikali ovulala ndi otopa. Tsiku lomwelo anamutenga Yotamu, mfuti n'kumulanda. Akuti asilikali anzake anathokoza Mulungu, poti mfuti ya Yotamu ankaiopa kuposa ya adani.

Hobisoni anamuphunzitsa ntchito ndi Chinyanja chake chothyokathyoka chija. "Yotamu, yang'ana kwambiri, lankhula pang'ono. Munthu usapeke m'mutu, pita kamutenge kumsika, munthu weniweni amaseketsa kupambana wopeka. Sewero likakhala losapsa, usaonetse munthu, ngakhale mkazi wako. Ndipo anthu akaseka kwambiri, iwe thawa, usadikire kuseka kuthe."

Zonsezi Yotamu anazimeza. Chimodzi chokha ndiye chinamukanika pakhosi. Akuti kwawo kwa Hobisoni, apongozi ndiwo ndiwo zake za nthabwala. Mwamuna amakwera pansanja, kuwanena apongozi ake mpaka anthu kugwa m'mipando, apongoziwo ali pomwepo akuomba nawo m'manja. Yotamu atamva zimenezi anagwira m'mutu. Anati, "Bwana, kwathu ukangoyerekeza zimenezo, ugona kutchire ndi afisi. Ine ndingatsanzire aliyense pansi pano, koma apongozi ayi."

Mwamva mawu amenewo? Asungeni.

Nkhondo itatha anabwerera kwawo ndi bokosi lachitsulo, chijasi chausilikali, ndi mutu wodzaza masewero. Anagwirizana ndi mnzake wa paubwana, Zinkambani, munthu wamtali ngati mlongoti, amene sankaseka ngakhale umugirigishe. Mmodzi wamfupi wolongolola, wina wamtali wa nkhope yamaliro. Kungoima pamodzi pabwalo, anthu ayamba kale kuseka. Anali ndi sewero la mesenjala wa boma amene ankanyamula njinga yake pamutu kuti isade. Anali ndi la mlaliki amene ankagona tulo pakati pa pemphero lake lomwe. Anali ndi la mlenje amene anathawa gwape. Ukwati, chikondwerero cha sukulu, phwando la masika, popanda Yotamu ndi Zinkambani anthu ankati sikunachitike kanthu. Ankawalipira nkhuku, nthochi, chipanda cha thobwa, pena kungowathokoza pakamwa.

Ndiye tsiku lina anawaitana ku ukwati m'mudzi muno. Ali mkati mwa sewero la mesenjala, kunamveka phwaa! Mtsikana wina anali akudutsa ndi mtsuko wa thobwa pamutu, anaseka mpaka mtsuko unagwa n'kusweka. Dzina lake Dailesi. Yotamu anasiya sewero, kupita kukatola mapale aja, kumuyang'ana mtsikanayo, basi mtima unatsala pomwepo. Anati, "Mtsukowu ndaswa ndine. Ndibweza." Anabwezadi mtsuko, kenako anatumiza amalume ake kudzafunsira mbeta. Mvula isanagwe, Yotamu anali atamanga kanyumba kake apo pali mitengo ya mango paja.

Tsono apa tcherani khutu, chifukwa inu a masiku ano simungazimvetse. Lero mkamwini ndi apongozi ake amapanikizana mpando umodzi m'minibasi, mpaka kujambulitsa chithunzi atakolekana mikono. Kale? Kale mkamwini akaona apongozi ake aakazi akubwera panjira, ankapatuka n'kulowa patchire, kaya pali minga kaya pali linthumbu. Apongozi nawo ankadzifunda nsalu kumutu n'kutembenukira kumbali. Kuyang'anana kumaso kunalibe. Kudyera pamodzi kunalibe. Mawu ankadutsira kwa mkazi wako, kapena kuseri kwa mpanda. Sichinali chidani, unali ulemu, ndipo mkamwini woopa apongozi kwambiri ndiye ankatchedwa woleredwa bwino.

Ndipo Yotamu pa ulemu umenewu panalibe womuposa. Apongozi ake, a Nankhoma, anali mayi wamasiye, ankakhala kutsidya kwa mtsinje, kumapeto kwenikweni kwa mudzi. Chiyambire ukwati, Yotamu ankadziwa zinthu ziwiri zokha za iwo. Ankadziwa zidendene zawo, poti ndizo ankaziona ali gwa m'thengo iwo akudutsa. Ankadziwanso mawu awo a kuseri kwa mpanda, mawu ofewa, apansipansi: "Zikomo akamwini, mwadzuka bwanji kumeneko?" Yotamu ankauza Zinkambani kuti, "Mnzanga, ine ndinapeza apongozi ofatsa ngati nkhunda. Mawu awo ukapanda kutchera khutu suwamva."

Khirisimasi inayandikira. Anthu a muno anati, "Chaka chino mkamwini wathu atiseketse kwathu kuno, tatopa n'kumvera mbiri yake kwa alendo." Yotamu anafuna sewero latsopano, loti mudzi wa mkazi wake udziwe kuti sanakwatiwe ndi munthu wamba. Ndiye anachita monga mwa chizolowezi chake: anapita kumsika kukaba munthu. Kabedwe kake kanali kotere. Ankagona pakati pa matumba a nyemba, chipewa ataphimba kumaso, ngati munthu wotopa ndi ulendo, diso limodzi likusuzumira pa kabowo ka chipewacho.

Tsiku limenelo sanachedwe kupeza. Chapafupi naye panali mayi wina wogulitsa fodya wa m'mphuno. Mayi ameneyo! Mawu ake ankafika tsidya lina la msika. "Fodya uyu, fodya! Wa akuluakulu, osati wa ana!" Wogula akabwera, mayiyo ankayamba watsina yekha pang'ono, kukokera m'mphuno, kutsinzina, nkhope kukwinyika, mapewa kukwera pang'onopang'ono, kenako, "Hetsyaaa!" Nkhuku za m'madengu kulira, ana kuthawa. Akatero ankapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja n'kunena, "Mayo ine, wokoma!" Wogula akatsina wambiri, ankamumenya kadzanja, phaa! "Mwabwera kudzalawa kapena kudzasamutsa?" Wogula aliyense, chimodzimodzi: kutsina, kukoka, kuyetsemula.

Yotamu pansi pa chipewa ankanjenjemera ndi chimwemwe. Mayiyo sanamuone. Akanamuona, bwenzi atadzifunda nsalu nthawi yomweyo. Kodi mukuganiza kuti anali ndani?

Eya, mwadziwa kale. Inu mwadziwa, koma Yotamu sanadziwe. Akanadziwa bwanji? Nkhope sanaionepo. Mawu amene ankawadziwa anali a kuseri kwa mpanda, osati a pamsika. Zidendene zinali zitabisika kuseri kwa dengu. Zinkambani naye anali mlendo muno. Ndipo Dailesi, munthu mmodzi yekha amene akanamupulumutsa, sanaonetsedwe kanthu, poti sewero losapsa saonetsa ngakhale mkazi wako. Ankakakonzera kudambo, awiriwiri, achule okha ndiwo anali mboni. Safunsa anadya phula, ana inu.

Masana a Khirisimasi bwalo linadzaza. Amuna uku, amayi uko, ana kutsogolo m'fumbi. Yotamu anatulukira kuseri kwa mpanda atamanga nsalu m'chiuno, duku kumutu, kadengu m'manja. Anakhala pansi, kutambasula miyendo, n'kukuwa:

"Fodya uyu, fodya! Wa akuluakulu, osati wa ana!"

Ana anayamba kugwa ndi phwete. Zinkambani anabwera ndi nkhope yake yamaliro ija, kudzagula. Yotamu anatsina, kukoka, kutsinzina, mapewa kukwera, kukwera, kukwera, "Hetsyaaa! Mayo ine, wokoma!" Bwalo linaphulika. Madoda ena anagwa chagada pa zitsa zawo. Anyamata ankamenya pansi ndi manja. Yotamu mumtima anati, lero ndaposa Hobisoni. Anamenya dzanja la Zinkambani, phaa, anayetsemulanso, ndipo pamene kuseka kunafika pachimake anatola kadengu kake n'kuthawa, monga anaphunzirira.

Atathawa ndiye sanaone zimene zinatsatira. Kuseka kuja kunayamba kuzima, kuyambira kumbali ya amayi. Mitu inatembenukira kumodzi. Mayi wina amene anakhala kumbuyo kwenikweni, atadzifunda nsalu poopa mkamwini wake, anadzuka mwakachetechete, n'kuyenda kulowera kumtsinje. Anthu anamupatukira, palibe amene anatsokomola.

Madzulo Yotamu anafika kunyumba akuimba mluzu. Anapeza Dailesi wakhala pakhonde, misozi ili chuchuchu.

"Nanga mwatani, amayi? Mwaseka mpaka kulira?"

"Bambo inu," anatero Dailesi, "mayi anga anakulakwirani chiyani?"

"Mayi anu? Ine mayi anu ndimawaopa ngati moto. Lero sindinawaone n'komwe."

"Simunawaone? Nanga amene munavala pabwalo paja ndi ndani?"

Akuti Yotamu anakhala pansi pomwepo, pafumbi, duku likadali kumutu. Dailesi anapitiriza, ndipo mawu amenewa ndiwo anamupweteka kwambiri.

"Inu munaona kuyetsemula. Kodi mukudziwa kuti mayi anga fodya samukonda? Amawapweteka mutu, n'chifukwa chake amayetsemula chotero. Bambo anga atamwalira mwadzidzidzi, anthu ananong'onezana kuti mayi anawadyetsa mankhwala. Fodya wawo anthu anasiya kugula. Ndiye anayamba kulawa okha pamaso pa wogula aliyense, kuchotsa ufiti, monga amachitira mwini mowa asanapereke chikho kwa mlendo. Amakuwa pamsika paja kuti ife tidye. Mphuno imene mwaiseka ija ndi imene inandilera ine."

M'mawa mwake Yotamu potuluka anapeza mphasa yake itakulungidwa, khasu lake, ndi bokosi lachitsulo lija, zitaikidwa panja pafupi ndi njira. Alongo ake a Dailesi ndiwo anaziika. Tanthauzo lake aliyense ankalidziwa: mkamwini nyamuka, ukwati watha. Ndipo mvetsetsani, ana inu, mayi anga anali asanabadwe. Yotamu akananyamula mphasa ija tsiku limenelo, ine kulibe, inu kulibe, chimanga ichi bwenzi akudya anyani.

Yotamu sananyamule. Anakhala pa bokosi lake, n'kutuma Zinkambani kukaitana amalume ake, amene anali nkhoswe ya ukwatiwo. Amalumewo anabwera thukuta lili kamukamu, tambala woyera ali m'khwapa, akumutukwana mphwawo njira yonse. Anawoloka mtsinje, kukagwada pakhomo pa a Nankhoma.

"Pepani, mayi. Mwanayu walakwa, koma walakwa chifukwa cha ulemu womwewo. Nkhope yanu sanaionepo. Landirani tambalayu, mutikhululukire."

A Nankhoma anayankha ali m'nyumba, ndi mawu ofewa aja. "Tambala bwererani naye. Manyazi anga sangakwane m'khwapa mwanu."

"Tibweretse mbuzi?"

"Ngakhale ng'ombe. Koma poti mwati sanadziwe, ndimupatsa mpata umodzi. Iye anaseketsa mudzi wonse pogwiritsa ntchito ine, ine ndekha osaseka. Abwere pakhomo pano masana ano, andiseketse ineyo. Ndikhala m'nyumba muno, chitseko chotseka. Ndikaseka dzuwa lisanalowe, abweze mphasa yake m'nyumba. Ndikapanda kuseka, aione njira ya ku Mayani."

Kodi munamvapo mlandu wotere? Mudzi wonse unasiya makasu. Anthu anawoloka mtsinje, kudzaza pabwalo pa a Nankhoma, ena kukwera m'mitengo. Dailesi analowa m'nyumba kukakhala ndi mayi ake. Chitseko chinatsekedwa. Yotamu anaima kutsogolo kwa chitseko cha bango chija. Akuti pambuyo pake ankanena kuti mabomba a kunkhondo sanamuopsepo ngati chitseko chimenecho.

Anayamba ndi mesenjala wa njinga. Anthu a panja anaseka. M'nyumba zii. Anabwera ndi mlaliki wa tulo. Anthu anagwirana mapewa. M'nyumba zii. Mlenje wa gwape, mkulu wa asilikali wa mimba ya chipewa, mpaka Hobisoni weniweniyo ndi Chinyanja chake chothyoka. Panja anthu nthiti zinawawa, koma m'nyumba munali ngati mulibe munthu. Mthunzi wa nkhokwe unayamba kutalika. Mbuzi zinayamba kubwerera zokha kukhola. Kuseka kwa anthu nako kunayamba kuchepa, poti tsopano onse anaona kuti munthuyu akumira.

Zinkambani anawerama n'kumunong'oneza. "Mnzanga, anthu onse amene tinaba atha. Tiye tikanyamule bokosi kukadali kowala."

Yotamu anayang'ana dzuwa, anayang'ana chitseko. Anati, "Watsala mmodzi amene sindinamubepo. Tenga nsalu iyo udzifunde, uzingoyenda, usalankhule kanthu."

Zinkambani anadzifunda, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono pabwalo. Yotamu anakweza mawu kuti amveke m'nyumba: "Tamverani za mkamwini waulemu kuposa onse m'dziko muno!" Anayenda monyada, chifuwa patsogolo. Ataona wodzifunda uja anakuwa, "Apongozi!" n'kudziponya patchire la m'mbali mwa bwalo, miyendo m'mwamba. Ali momwemo anayamba kulonjera mwaulemu, uku akudzikanda ngati wagwera m'chitedze: "Zikomo, zikomo amayi, ife tadzuka bwino, mayo msana wanga, kaya inu amayi, mayo m'khwapa!" Wodzifunda uja atatembenuka, Yotamu anathamangira kunkhokwe, kulowetsa mutu, matako ali panja, akulonjerabe.

Kenako anatuluka, kudzisansa, n'kulengeza kuti, "Tsopano mkamwini yemweyo wafika pamsika." Anagona pansi ngati buluzi, chipewa kumaso, diso pakabowo, n'kuyamba kudzitama ndi mawu akuluakulu.

"Ine ndine Yotamu wa maso akuthwa! Ndinawoloka nyanja yamchere! Mzungu anandiphunzitsa kuyang'ana! Ndikamuona munthu kamodzi, ndamudziwa mpaka m'chiwindi!" Anasuzumira pakabowo, kugwedeza mutu mwachifundo, n'kunena zimene ananenadi tsiku lija kumsika: "Koma mayi awa, kodi mkamwini wawo ndi ndani? Ndikumumvera chisoni, chitsiru chimenecho. Ine ndikanakhala iye, bwenzi nditanyamula kale mphasa!"

Panja anthu anagwira pakamwa, kuopa kuti kuseka kwawo kungaphimbe mawu a m'nyumba. Kenako kuseri kwa chitseko kunamveka kamawu, ngati munthu akutsamwa. Kanasiya. Kanabweranso. Kenako kunaphulika chikhakhali, osati cha kuseri kwa mpanda chija ayi, cha pamsika chenicheni, choti nkhuku zinabalalika pabwalo. Dailesi anakuwa ali m'katimo, "Aseka! Mayi aseka!" Ntchembere zinayamba kululutira. Amalume aja anaponya tambala m'mwamba. Ndipo akuti tsiku limenelo, koyamba chibadwire, Zinkambani anaonetsa mano.

Yotamu sanathawe monga ankachitira anthu akaseka. Anagwada pafumbi, mutu pansi, nati, "Amayi, ndinaona mphuno, sindinaone munthu. Ndikhululukireni."

Chitseko chinatseguka. Yotamu ataona zidendene zija anafuna kudumphira patchire, koma mawu anamugwira.

"Khalani pomwepo, akamwini."

A Nankhoma anatuluka opanda nsalu kumutu, akupukuta misozi. Anayamba ayang'ana khamu lija, mmodzimmodzi, mpaka nthungululu zinazima zokha.

"Uyu ndamukhululukira," anatero, "chifukwa anandiseka asakundidziwa. Koma inu munaseka mukundidziwa. Mukudziwa amene anandiyambitsa kulawa fodya, ndipo ena mwa inu muli pompano. Kuyambira lero mphuno yanga yapuma. Wofuna fodya wanga agule, woopa akagule kwina."

Anthu anazyolika. Madoda ena anayamba kufufuza nyerere pansi. Kenako mayiwo anatembenukira kwa mkamwini wawo, natulutsa kankhuku kathadzi kamene Dailesi anali atagwira kumbuyo, poti kale apongozi akafuna kuthetsa kuopana ankapereka mphatso.

"Landirani iyi. Tsopano dzutsani mutu."

"Amayi, sindingathe."

"Ndati dzutsani mutu, mundiyang'ane bwinobwino, kuti musadzandibenso pamsika."

Yotamu anadzutsa mutu. Anaona nkhope yotopa, ya makwinya, ya maso oseka ngati a Dailesi. Munthu amene ntchito yake inali yoseketsa anthu analira ngati mwana, pamaso pa mudzi wonse, nkhuku ili m'manja. Madzulo amenewo alamu ake omwe aja ndiwo anamunyamulira bokosi kulibweza m'nyumba.

Anakhala muno mpaka imvi, anabereka ana asanu ndi mmodzi, ndipo masewero sanasiye. Anafika nawo ku Dedza, ku Nathenje, mpaka m'minda ya fodya ya ku Kasungu. Kumsika ankapitabe, pansi pa chipewa ankagonabe. Koma anawonjezera lamulo lake limene Hobisoni sanamuphunzitse. Akaba munthu, asanapite naye pabwalo, ankayamba wafunsa kuti ndi mwana wa yani, amakhala kuti, chimamuchititsa zimenezo n'chiyani. Akatero ankapita pakhomo pa munthuyo, kukhala naye pamphasa, n'kumusewerera iye yekha. Mwini wake akaseka, sewero lapsa. Akangoti duu, Yotamu ankalikwirira pomwepo, ngakhale likhale lokoma chotani. Ndipo sewero lililonse ankalitsegula ndi kudziseka yekha, makutu ake, mizere yake yokhota, kuti anthu adziwe kuti woyamba kudulidwa ndi mpeniwo ndi mwini mpeni.

Ambiri ankabwera okha kudzapempha kuti awabe. A Nankhoma nawo, atakalamba, ankakhala kutsogolo kwenikweni, n'kumamukonza mokweza: "Ayi akamwini, mwaphonya, munthuyo satsokomola choncho!"

N'chifukwa chake mpaka lero, ife a pabanja pano, tili ndi pakamwa ndithu, ndipo palibe maliro kapena ukwati umene timasiya anthu osaseka. Luso limenelo sitilibisa, ndi chuma chathu. Koma nthabwala yonena za munthu imayamba yapita kwa mwini wake. Mwini wake akaseka nawo, imeneyo ndi nthabwala. Akapanda kuseka, ndi chipongwe basi, ngakhale mudzi wonse ugwe ndi phwete.